Manja Pansi pa Felemu

"Koka, iwe! Kodi manjawo ndi obwereka?"

Make mapasa anakoka jekete mbali zonse ziwiri mpaka inati gwa pathabwa, zala zake zitadinikiza m'mbali. Mwamuna wake anatsitsa felemu ya sikirini yosindikizira malemba, n'kuviika labala m'inki, n'kukoka kamodzi mwamphamvu. Atadzutsa felemuyo, pamsana pa jekete panali nambala yoyera kuti mbee, m'munsi mwake dzina la siteji ya akabaza. Anaiyang'ana atapendeketsa mutu, kudzigomera yekha, kenaka anati aike ina.

Shopu yawo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, kopanikizika pakati pa saluni ndi shedi ya wowotcherera zitsulo. Mwamunayo ankasindikiza malemba pazovala, ndipo msewu wonsewo unkamutchula kuti Adizaina, dzina limene ankalinyadira kuposa ana ake enieni. Mkaziyo analibe dzina la ntchito. Ankatsuka masikirini, kuyanika zovala, kusesa, ndi kugwira. Makamaka kugwira.

Pa matisheti panalibe vuto. Thonje ndi nsalu yofatsa, ukaiyala pathabwa imakhala pomwepo, inki n'kuimwa bwinobwino. Koma nayiloni, abale, ndi nsalu yamwano. Imaterera, ndiponso jekete imakhala ndi nsalu ina m'kati imene imayenda payokha, moti ukangophethira malemba amatuluka awiriawiri. Anzawo a mashopu akuluakulu ali ndi chitsulo chopanira jekete kuti isasunthe. Chopanira cha Adizaina chinali manja a mkazi wake. Felemu ya sikiriniyo inali yachitsulo, yolemera, yomangidwa kutebulo ndi mahinje ngati chivundikiro cha bokosi, ndipo potsika inkadutsa pafupi ndi zala za mayiyo kwakuti ankamva kamphepo kake.

Mwano wina wa nayiloni ndi wakuti anaipanga kuti izikana madzi, ndiye inki nayonso imaikana. Pamafunika kupukuta ndi sipiriti pamalo posindikizapo, komanso kuthira m'inkimo mankhwala amene amati hadena kuti igwire. Tsono hadena sadikira munthu. Ukangomusakaniza ndi inki uyenera kuyamba ntchito nthawi yomweyo, chifukwa pakapita maola ochepa zonse zimauma m'chitini. N'chifukwa chake anthu amasakaniza pang'onopang'ono.

Adizaina sanali munthu wa pang'onopang'ono. M'mawa wa tsiku limenelo anakhuthulira botolo lonse la hadena m'chitini chonse cha inki, akuti majekete a siteji yonse awamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Asanasindikize ndi imodzi yomwe, mnzake anasuzumira pakhomo n'kunena kuti kubala kuli bwana wina amene akufuna matisheti ambirimbiri. Adizaina anati akubwera pompano. Anabwera dzuwa litapendeka, bwana palibe, m'kamwa mukununkha mowa, n'kupeza inki itauma ngati tayala. Anatukwana chitini, anatukwana mnzake uja, anatukwana wopanga hadena ndi amake omwe, kenaka anakankhira chitinicho pansi pa tebulo n'kutsegula inki ya matisheti. Hadena wina akanamupeza kutsidya kwa tauni, koma tcheya wa akabaza anali atalonjezedwa majekete ake mawa lake, ndipo mawu akuti pepani m'kamwa mwa Adizaina sankakwanamo.

Make mapasa anaona zonsezi n'kukhala chete, poti kukhala chete anakuphunzira kalekale. Chaka choyamba cha banja atathawira kwa azakhali ake diso litatupa, anamubweza ndi mwambi wakuti wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Atabereka ana awiri aakazi tsiku limodzi, anadzipezera yekha chifukwa china chopiririra: ana akule ali ndi bambo. Mapasawo tsopano anali pasukulu ya pulayimale kumtunda kwa msewu, ndipo akaweruka ankadzera kushopu n'kukhala pabenchi panja kudikira makolo awo. Chifukwa cha iwo mayiyo ankabisa zipsera zake ndi mpango ndi malaya a manja aatali, ngakhale m'nyengo yotentha.

Koma tsiku limenelo pakamwa panamuyabwa. Pochotsa pachingwe jekete imene inali itauma kale, anakanda ndi chikhadabo pakona ya nambala, kungoyesa. Inki inasendeka ngati nkhanambo, pansi pake nayiloni ili see, ngati sinakhudzidwepo. Ankadziwa kuti akabaza si anthu oti uwaseweretse.

"Bambo a mapasa," anatero motsitsa mawu, "inkiyi sikugwira. Taonani."

Adizaina anayang'ana kachidutswa koyera kamene kanali pachikhadabocho, n'kuyang'ananso mkaziyo. Sanakalipe. Make mapasa akanakonda akanakalipa, chifukwa Adizaina wokalipa ankathera pa mbama, koma Adizaina wofatsa ndiye anali woopsa.

"Udizaina wauyamba liti?"

"Sindikutero ayi. Ndimangoti mwina tiwapemphe atidikire tsiku limodzi, mukagule hadena wina."

"Ika ina."

Anaika ina. Ali mkati mosalaza makwinya ndi dzanja lamanja, dzanjalo lili penipeni pamene pamagwera chitsulo, Adizaina anagwira felemu ndi manja onse awiri n'kuimenyetsa pansi. Sanalekere pomwepo. Anaitsamira ndi thupi lonse, akumuyang'ana m'maso. Kunamveka kuti thyo, ngati munthu waponda kamtengo kouma. Make mapasa sanakuwe nthawi yomweyo, mpweya unayamba wamuthawa, ndipo pamene kukuwako kunatuluka mawondo anali atafika kale pansi. Kuseri kwa khoma, kusaluni, wina anakweza wailesi.

"Ukandenso," anatero Adizaina podzutsa felemu. Chimene anayang'ana choyamba ndi sikirini yake, ngati sinang'ambike.

Amene anakweza wailesi uja ndi yemwenso anamumanga dzanja. Mayi wa saluni anali munthu wapakamwa, wotha kutukwana kasitomala uku akumuluka tsitsi, koma pa nkhani za Adizaina pakamwa pake pankachepa, poti khoma lowalekanitsa linali la matabwa. Anathyola chipeso pakati, n'kuika zala ziwiri zophwanyikazo pakati pa zidutswazo, n'kukulunga ndi thaulo lakale. Anamuuza apite kuchipatala, anamuuza apite kupolisi, anamuuza zambiri, zonse monong'ona. Make mapasa anati apita mawa, ndipo onse awiri ankadziwa kuti mawa limenelo silifika. Anabwerera kushopu n'kugwira majekete otsalawo ndi dzanja lamanzere ndi chigongono chamanja, misozi ikugwera panayiloni n'kumayenderera pansi osalowa.

Mawa lake tcheya anabwera. Anali bambo wojintcha, wa imvi kundevu, amene anayamba ukabaza ena mwa anyamata ake asanabadwe, ndipo ndiye anasankha yekha shopu ya Adizaina anzake akufuna kwina. Majeketewo sanali a fasho ayi. Akhonsolo anali atalamula kuti kabaza aliyense avale jekete yokhala ndi nambala kumsana, ndipo wopezeka wopanda nambala alandidwa njinga yamotoyo. Tcheya anavala yake, anakadziyang'ana pagalasi la kusaluni, anatembenuka uku ndi uku, n'kunena kuti ntchito ndi imeneyi. Kukanda sanakande. Pomanga mitolo anaona thaulo kudzanja la mayiyo n'kufunsa chimene chachitika, koma Adizaina ndiye anayankha, akuseka, kuti akazi ndi zitseko sagwirizana. Tsiku lonselo Adizaina anakhalira kuimba mluzu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mvula inabwera patangopita masiku ochepa, m'mamawa, yamphamvu. Pamvula m'pamene akabaza amakolola, poti aliyense amafuna kufika msanga, ndipo wokwera amakumbatira kabaza kumsana n'kubisa nkhope m'jekete. Manambala a Adizaina anayamba kumatirira m'manja mwa anthu, pamphumi, pazifuwa za madiresi, ena kungoyoyokera m'matope. Pofika masana alonda a khonsolo anali atadzaza lole ndi njinga za anyamata a misana yopanda kanthu. Ambiri a iwo njingazo sizinali zawo n'komwe, zinali za mabwana amene madzulo amafuna kuona njinga yawo pakhomo.

Make mapasa ankatsuka sikirini ndi dzanja limodzi pamene anamva kulira kwa njinga zambiri zikutsika msewu pamodzi. Zinaima pakhomo, ndipo kuwala kolowera pachitseko kunatsekeka ndi anthu. Wowotcherera anazimitsa makina ake. Adizaina anayang'ana kumbuyo kwa chipinda ngati mwina kwamera khomo lina.

Tcheya analowa poyamba, madzi akutsika m'ndevu, n'kuponya jekete yake patebulo. Panangotsala theka la nambala, likulendewera. Pambuyo pake panalowa anyamata, ena atanyamula zipewa zawo za panjinga m'manja, mmodzi wamtali wachipsera pachibwano atakulunga tcheni kudzanja. Ameneyo njinga yake inali itapita pa lole.

"Adizaina," anatero tcheya, "tandiwerengereni nambala yangayi. Ine maso akalamba."

Adizaina anayamba ndi kuseka, akuti anyamata khalani pansi tikambirane ngati amuna. Kenaka anati nayiloniyo ndi yabodza, amene anawagulitsa majeketewo anawabera. Kenaka anati mvula ya masiku ano siili bwino, ikusupula ngakhale utoto wa galimoto. Wachipsera anamenya tcheni patebulo, zitini zinadumpha, ndipo apo m'pamene Adizaina anatembenuka n'kugwira mkazi wake kumbuyo kwa khosi, n'kumukankhira patsogolo pawo.

"Ndi uyu. Ndinamuuza apukute ndi sipiriti, sanapukute. Ulesi basi. Ngati mukufuna womumenya, nayu, ine ndatopa naye."

Inu, mwamuna wobereka naye ana! Make mapasa sanadabwe, ndipo kusadabwako n'kumene kunamupweteka kwambiri. Wachipsera, amene mkwiyo unali utamutseka m'maso moti akanamenya aliyense womuikira patsogolo, anamugwira dzanja kuti amukokere panja, ndipo dzanja limene anagwira linali lomangalo. Mayiyo anakuwa kwakuti mnyamatayo anadumpha n'kumusiya, thaulo lija litamasukira m'manja mwake, zidutswa za chipeso zitagwera pansi.

Zala ziwiri zinali zitatupa, zakuda bii, chimodzi chitapindikira kumbali, chikhadabo chake chitachoka. Pamwamba pa dzanja panadutsa mzere wowongoka wa magazi oundana. Tcheya anayang'ana mzerewo, anayang'ana m'mphepete mwa felemu, ndipo poti anali munthu wamkulu amene anaonapo zambiri, sanafunikire womufotokozera.

"Mayi, chitseko chija n'chimenechi?"

Mabodza anali nawo ambiri make mapasa, okonzeratu, ena anawagwiritsa ntchito mpaka anatha mphamvu: chitseko, kuterereka kubafa, kugunda kabati mumdima. Adizaina ankamuyang'ana ndi diso lija limene limatanthauza kuti tikakambirana kunyumba. Koma khosi lake linali likumvabe zala zimene zinamukankhira kwa anthu onyamula tcheni, ndipo bodza linakana kutuluka.

"Ndinangowauza kuti inkiyo sikugwira," anatero. "Basi."

Chipewa choyamba chinamupeza Adizaina pamphuno, magazi n'kuwazikira pamatisheti oyanika. Anagwera pazitini chagada, ndipo asanadzuke tcheni chinamutsikira paphewa n'kung'amba malaya ndi khungu lomwe. Anyamata anamuunjirira. Ankamenya ndi zipewa, ndi nsapato, wina ndi labala lake lomwe lokokera inki. Anakwawira pansi pa tebulo, anamukoka ndi miyendo. Anabisa mutu m'manja, anamuponda m'nthiti mpaka manjawo anatsika. Munthu amene msewu wonse unkamudziwa ndi mawu aakulu tsopano ankalira ngati mwana, kuwatchula anyamatawo achimwene, mabwana, makosana, kulonjeza majekete atsopano, kulonjeza matisheti aulere. Dzino linagwa pasimenti, wina n'kulikankhira kumbali ndi phazi.

Make mapasa anaima chotsamira khoma, atafukata dzanja lake pachifuwa, ndipo tinene zoona, zinamukomera. Nsapato iliyonse imene inkatera ankaipezera mwini wake m'thupi mwake. Iyo ndi ya khutu limene silimvanso bwino. Iyo ndi ya nthiti ija anagona nayo chokhala mwezi wathunthu. Iyo ndi ya tsiku limene anamumenya ali ndi pakati. Anachita manyazi ndi kukomako, anadziwa kuti ndi tchimo, koma sanatseke maso. Adizaina atamuitana kuti make mapasa tawauza andisiye, iye anangomuyang'ana.

Kukomako kunatha pamene wachipsera anatola chigubu cha thina wotsukira masikirini n'kuchotsa chitsekerero. Anathira pamatisheti, anathira pansi, ndipo wotsalayo anamukhuthulira Adizaina kuyambira kumutu. Fungo linadzaza chipinda mpaka maso kuwawa. Adizaina anakuwa mwa mtundu wina tsopano, thinayo atalowa m'mabala. Mnyamatayo anapisa m'thumba n'kutulutsa machesi, akulira yekha kuti bwana wake amupha, njinga ya eni wailanditsa chifukwa cha galu uyu. Panja mayi wa saluni ankakuwa kuti mzere wonsewo ndi wa matabwa, apsa onse, koma palibe ankamumva. Anzake a mnyamatayo anayamba kubwerera chafutambuyo kulowera kukhomo.

Make mapasa anayang'ana kukhomoko, ndipo pakati pa miyendo ya anthu anaona benchi ija. Sukulu inali pafupi kuweruka. Ana ake akanafika pamenepo n'kupeza bambo awo ali makala. Sanaganize zambiri. Anachoka pakhoma, anaponda m'thina muja, n'kukhala pansi pambali pa mwamuna wake, siketi yake ikumwa zonsezo.

"Yatsani, achimwene," anatero. "Koma ine sindichoka pano."

Mnyamatayo anaima kakasi, mtengo wa machesi uli pabokosi. Tcheya anamumenya padzanja, machesi n'kumwazikira panja m'matope, kenaka anamuwonjezera mbama ya bambo kwa mwana wake. Anati iwo abwerera manambala, sanabwerere mitembo. Anatulutsa anyamata onse, n'kubwerera yekha kudzanjuta pafupi ndi Adizaina. Anamuuza pang'onopang'ono, kuti amve bwino, kuti majekete onse abwezedwa madzulo omwewo, ndipo Loweruka akufuna kuwapeza atasindikizidwanso ndi inki yoyenera. Adzakanda yekha imodziimodzi ndi kiyi wa njinga. Chilembo chimodzi chikadzangosendeka, iye adzatuluka panja kukasuta fodya, ndipo za m'katimo sadzazidziwa.

"Moyo wako wautola pa mayiwa," anatero podzuka. "Ukanakhala munthu ukanawagwadira."

Njinga zinalira n'kupita. Anthu a mumsewu amene anadzaza pakhomo anaonerera pang'ono, kenaka aliyense anakumbukira ntchito yake. Make mapasa anatunga madzi m'beseni ndi dzanja limodzi, anamukhazika mwamunayo chotsamira mwendo wa tebulo, n'kuyamba kumutsuka thina m'mutu ndi m'mabala. Diso limodzi linali litatsekeka, mlomo utang'ambika, mpweya ukutuluka moliza mluzu. Anamumvera chisoni. Ndipo poti mtima wa munthu ndi wopusa, anayamba kuyembekezera. Sankafuna kugwadiridwa ayi. Ankangofuna kamawu kamodzi, ngakhale kongomufunsa ngati dzanjalo likupweteka.

Adizaina analavula magazi m'beseni momwemo.

"Wandiyalutsa pamaso pa ana amisala aja," anatero, mawu akutuluka molephereka. "Izo tikakambirana kunyumba."

Mayiyo anapitiriza kupukuta. Mwamunayo anatembenuza diso lotsalalo kuyang'ana tebulo, felemu, chingwe choyanikira, ndipo zinaoneka kuti mutu wake wabwerera kale ku ntchito. Anati mawa m'mawa akagula hadena, ndipo asakaniza pang'onopang'ono, ngati kuti nzeruyo waitulukira yekha. Anati majekete ayenera kupukutidwa onse kusanade. Kenaka anayang'ana zala za mkazi wake, osati mwachisoni, koma momwe munthu amayang'anira chida chothyoka.

"Dzanja ilo latha ntchito. Ndi chigongono unandipotozera manambala atatu. Mapasa akaweruka abwere kuno, ndipo sapitanso kusukulu mpaka Loweruka. Wina agwire mbali iyi, wina mbali iyo. Manja anayi aposa ako awiri."

Nsanza imene ankapukutira inaima m'malere. Make mapasa anayang'ana thabwa lija, pamene pamagwera chitsulo, ndipo anaona timanja ta ana ake titayalidwa pamenepo, tizala towonda, todetsedwa ndi bolopeni. Anaona jekete ikuterereka, poti nayiloni imaterera ngakhale kwa munthu wamkulu. Anaona Adizaina, nthiti zikumupweteka, Loweruka likuyandikira, akuwayang'ana mofatsa n'kunena kuti ikani ina. Wamng'ono uja, amene anatuluka pambuyo, anali ndi pakamwa ngati pa amake. Ameneyo akanati, adadi, inkiyi sikugwira.

Zaka zonsezi ankati akupirira kuti ana akule ali ndi bambo. Bambo wake ndiye anali ameneyu, atakhala m'thina, akugawa malo patebulo.

"Chabwino," anatero. "Ndikawatenge."

"Fulumira."

Anaika nsanza m'beseni n'kutuluka. Mayi wa saluni, amene anamva zonse kudzera m'matabwa, anali ataima pakhomo pake ndi chipeso china chothyoratu. Anamumanganso dzanja pomwepo, ulendo uno mothina, osanena za chipatala kapena za polisi. Atamaliza anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali, kenaka anavula juzi yake n'kumuveka pamapewa, n'kubwerera kwa kasitomala wake amene anamusiya ndi mutu wolukidwa theka.

Mvula inali itasanduka yowaza. Make mapasa anakwera msewu pang'onopang'ono, siketi ikumumatirira m'miyendo, anthu akutembenuka ndi fungo la thina. M'matope munali tizidutswa toyera ta manambala, apa mchira wa chilembo, apo theka la ziro. Ankadziwa bwino zimene akusiya m'mbuyo. Jekete ya nayiloni munthu mmodzi sangaisindikize, ndipo atatha kuona dzanja lake lero, panalibe mumsewu wonsewo amene akanavomera kuika lake pathabwa limenelo. Loweruka lidzafika, tcheya adzatuluka kukasuta fodya, ndipo mnyamata wachipsera adzatsala m'katimo. Anachita mantha poganiza zimenezo, anamumveranso chisoni mwamuna uja, chisoni chenicheni. Koma mapazi ake sanabwerere.

Pageti ya sukulu anafika belu litangolira. Mapasa anatuluka atafunda pepala limodzi la pulasitiki, akukankhana ndi kukanganirana amene akunyowa kwambiri. Ataona amayi awo anadabwa, poti sankabwera kudzawatenga, kenaka anathamanga. Wamkulu anakwinya mphuno n'kunena kuti amayi akununkha shopu. Wamng'ono anayang'ana juzi yachilendo ndi dzanja lomangidwa mwatsopano.

Anayenda atatu mpaka pamphambano, pamene msewu wina umatsikira kumsika ndi kushopu, wina n'kukwera kulowera kumlatho. Kutsidya kwa mlathowo kunkakhala achimwene ake a make mapasa, amene anasiya kumuyendera zaka zapitazo atatopa ndi kumva za zitseko, koma anamuuza potsazika kuti tsiku limene adzatope nayenso asadzagogode, adzangolowa. Ana aja, mwachizolowezi, anakhotera kumunsi.

"Kuno," anatero mayiyo.

"Nanga adadi?" anafunsa wamkulu. "Sakutidikira?"

"Akudikira."

"Ndiye awathandiza ndani?"

"Adadi anu ali ndi manja awo awiri."

Mapasa anayang'anana. Wamng'ono ndiye anayamba kutembenuka, n'kukoka pulasitiki ija, mnzakeyo n'kutsatira kuti asanyowe. Make mapasa anawaika patsogolo pake, kumbali yopanda magalimoto, ndipo anakwera nawo msewu wa kumlatho.